TELESIKOPU YA KOMPYUTA: IUZENI ZOONA, IDZAKUSONYEZANI NYENYEZI

Mvula ikatha, mwezi wa May ukalowa, thambo la dziko lathu limayera ngati bwalo losesedwa m'mamawa. Usiku wa June ndi July, kumudzi kumene kulibe nyali za mumseu, Mlalang'amba umadutsa pamutu pathu kucokera mbali ina kufika mbali inzake, ndipo Mtanda wa Kumwera umaima pamwamba pa mitengo. Ambiri a ife timangokweza maso pang'ono n'kulowa m'nyumba kuthawa mphepo. Koma masiku ano m'masukulu ena ndi m'mabanja ena mwafika cipangizo coonera nyenyezi cimene cili ndi kompyuta m'kati mwake. Dzina lake ndi telesikopu. Ena anacigula okha, ena anacilandira kwa mwana kapena mbale amene ali kunja.

Pa bokosi lake ogulitsa amalemba lonjezo lokoma, lakuti mukangodina batani iyo yokha idzatembenuka n'kuloza Saturn. Lonjezoli n'loona, koma liripo gawo lina limene salilemba ndi zilembo zazikulu. Usiku woyamba mwini wake amaitana anansi, ana amasonkhana, makina amalira, ndipo chubu imatembenuka n'kuloza pansi kapena pa khoma la nyumba. Anthu amabalalika akuseka. Cinthu cimene cinadya ndalama zoposa malipiro a mphunzitsi a miyezi ingapo cimabwerera m'bokosi, kunsi kwa bedi, kukakhala ndi akangaude.

Kawiri-kawiri makinawo amakhala alibe cirema ciri conse. Bvuto lagona pakuti telesikopu ya mtundu uwu siona kanthu, imangowerengera. Imadziwa pamene pali nyenyezi zikwi-zikwi pa mapu a thambo, koma siidziwa kumene yaimikidwa, siidziwa nthawi, ndiponso siidziwa kumene mphuno yake yaloza. Zitatu izi ayenera kuiuza ndi munthu, ndipo ayenera kuiuza zoona.

Kumene inacokera

Telesikopu inayamba kudziwika ku Netherlands m'caka ca 1608, pamene Hans Lipperhey, mmisiri wa magalasi a maso, anapempha boma kuti limulembe kukhala mwini wa luso limeneli. Caka cotsatira Galileo Galilei wa ku Italy anapanga yake, ndipo mu January 1610 anaona miyezi inai yozungulira Jupiter. Kucokera pamenepo, kwa zaka pafupi-fupi 400, munthu wamba wofuna kuona kanthu kumwamba anali kukafuna yekha, mapu ali m'manja, kudumpha kucokera pa nyenyezi ina kupita pa ina monga wooloka mtsinje pa miyala.

Zinthu zinasintha kwambiri m'caka ca 1992 pamene kampani ya Meade ya ku America inatulutsa telesikopu yochedwa LX200, imene inali kudziloza yokha ndipo inafala pakati pa anthu wamba. Pambuyo pake Celestron inabwera ndi NexStar, ndipo Sky-Watcher inabwera ndi SynScan. Mtundu wonsewu amaucha GoTo, kutanthauza kuti pita pakuti. Ife pano titenga citsanzo ca NexStar 6SE, imene kukamwa kwake ndi mamilimita 150 ndipo rimoti yake imasunga maina a zinthu zakumwamba zoposa 40,000. Maina a mabatani amasiyana pa mitundu ina, koma nzeru yake ndi imodzi.

M'kati mwa makinawa muli mainjini awiri ang'ono-ang'ono. Ina imatembenuza chubu kumanja ndi kumanzere, ina imaikweza ndi kuitsitsa, ndipo kompyuta imawerenga kuzungulira kwa iriyonse. Ikangodziwa poyambira, imatha kuwerengera mtunda wopita pa nyenyezi iriyonse. Nchito yathu ndiyo kuipatsa poyambira pamenepo.

Nchito iyambe dzuwa lisanalowe

Tisanapite patali, tiyeni tikhomere msomali uwu. Telesikopu siilozedwa ku dzuwa, ngakhale kwa kamphindi. Amene anaona kadamsana wa pa 21 June 2001, pamene Lusaka inada masana, akukumbukira macenjezo a nthawi ija onena za kuyang'ana dzuwa ndi maso. Telesikopu imasonkhanitsa kuwala kocuruka nthawi mazana-mazana kuposa diso, ndipo imaononga diso munthu asanaphethire. Masana mwana asasiyidwe yekha pafupi nayo, ndipo cibvundikiro cikhale pakamwa pake pamene simuli kuigwiritsa nchito.

Pamwamba pa chubu pali kolozera, kacipangizo kakang'ono koonetsa kadontho kofiira. Nchito yake ili ngati ya kacitsulo kolingira pa mfuti ya mlenje. Ngati kadonthoko ndi chubu siziyang'ana malo amodzi, usiku wonse udzakhala wa nkhondo. Cotero madzulo, dzuwa liri kumbuyo kwanu, lozani chubu pa cinthu cakutali cosasuntha, monga nsonga ya mlongoti wa mafoni umene uli pa mtunda wa kilomita imodzi kapena kuposa. Ikani kagalasi koyang'anira kolembedwa 25 mm, pukusani kacitsulo koongolera mpaka nsongayo ioneke bwino, ndipo iikeni pakati peni-peni. Tsopano, osasuntha chubu, pukusani tizitsulo tiwiri ta kolozera mpaka kadontho kofiira kagwere pa nsonga yomweyo.

Cifukwa cake ndi ici. Kagalasi ka 25 mm pa telesikopu iyi kamakuza zinthu nthawi 60, pakuti utali wa njira ya kuwala m'chubu ndi mamilimita 1,500, ndipo 1,500 kugawa ndi 25 ndi 60. Pamenepo mumaona kacigawo ka thambo kosakwana digiri imodzi, kumene kuli kosakwana miyezi iwiri yathunthu yoikidwa mogundana. Kufuna nyenyezi pa kazenera kotere popanda kolozera kuli ngati kufuna nkhuku m'munda wa cimanga mukuyang'anira m'bango.

Miyendo iime zolimba

Sankhani malo a dothi lolimba kapena a kapinga, kutali ndi nyali, kumene mitengo ndi madenga sizichinga thambo kwambiri. Simenti ndi malata zimene zakhala pa dzuwa tsiku lonse zimatulutsa kutentha usiku, ndipo mpweya wokwerawo umabvinitsa cithunzi. Tambasulani miyendo itatu ija mpaka mapeto, ikankhireni pansi kuti isadzamire pambuyo pake, ndipo ikani levulo pamwamba musanakweze telesikopu. Levulo ya amisiri omanga nyumba imagwira bwino nchitoyi. Kompyuta imayesa kuti yaima mowongoka, ndipo imazindikira nyenyezi poona kukwera kwake kucokera pa malekezero a thambo. Miyendo ikapendeka, masamu onse amapendeka nayo.

Turutsani telesikopu panja pasadakhale, theka la ola kapena ola lathunthu, kuti magalasi azizire mofanana ndi mpweya wa panja. Ganiziraninso za moto. NexStar 6SE imadya mabatire 8 a AA, ndipo imawatha msanga, makamaka usiku wozizira. Mabatire akafooka makina samazima nthawi yomweyo. Amayamba kaye kuzandima ndi kuphonya, ndipo munthu amayesa kuti aonongeka. Batire ya mavoti 12, monga ya galimoto kapena ya sola, ndiyo yokhalitsa, malinga nthambo zake zalumikizidwa monga buku la makinawo linenera, pakuti kuzisinthanitsa kungathe kutentha za m'kati.

Coonadi coyamba: tili kuti?

Mukayatsa, rimoti imafunsa malo. Mungathe kusankha mzinda pa mndandanda, koma ndi bwino kulemba manambala awiri ochedwa latitude ndi longitude, amene foni yamakono imakupatsani. Lusaka ili pa madigiri 15 ndi theka kumwera kwa equator, ndi madigiri 28 kum'mawa. Chipata ili pafupi ndi madigiri 13 ndi theka kumwera, ndi madigiri 32 ndi theka kum'mawa. Kuphonya ndi makilomita ocepa kulibe kanthu. Comwe cimagwetsa anthu ndi zilembo zotsatira manambalawo.

Makina awa amapangidwira ogula a kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo kawiri-kawiri amabwera atakonzedwera malo a ku America. Munthu wa mu Lusaka akasiya North m'malo mosankha South, telesikopu imayesa kuti yaima m'dziko la Sudan. Akasiya West m'malo mwa East, imayesa kuti iri kuyandama pa nyanja ya Atlantic, cakufupi ndi Brazil. Ikatero imayembekeza thambo la kumeneko, ndipo palibe nyenyezi imene idzagwirizane ndi masamu ake. Kwa ife yankho ndi South ndi East.

Coonadi caciwiri: nthawi ili bwanji?

Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola liri lonse, ndiye kuti digiri imodzi pa mphindi zinai. Kuphonya ndi ola limodzi kumasuntha thambo lonse mtunda wokwana miyezi 30 yoikidwa pa mzere. Lembani nthawi ya pa foni, ndipo ngati rimoti ifunsa AM kapena PM, kumbukirani kuti 19 koloko yathu ndi 7 PM. Ikafunsa pakati pa Standard Time ndi Daylight Saving, sankhani Standard Time, pakuti kuno sitisintha mawochi m'cilimwe monga acitira ku Ulaya ndi ku America. Cigawo cathu ca nthawi ndi +2, kutanthauza maola awiri patsogolo pa nthawi ya ku Greenwich.

Msampha wina uli pa deti. Ife timayamba ndi tsiku, kenaka mwezi. Rimoti imatsata mwambo wa ku America woyamba ndi mwezi. Wolemba 03/04 akuganiza za 3 April, makina amamva 4 March. Popeza nyenyezi zimafulumira kuturuka ndi mphindi zinai usiku uli wonse, masiku 30 amenewo ndi maola awiri athunthu pa thambo, osanena za mwezi ndi mapulaneti zimene zimayenda ulendo wao-wao. Dziwaninso kuti mitundu yambiri imakumbukira malo koma imaiwala nthawi ikazimitsidwa. Motero usiku uli wonse deti ndi nthawi zilembedwe mwatsopano.

Coonadi cacitatu: mphuno yaloza kuti?

Mmisiri asanakumbe maziko amakhoma zikhomo ndi kukoka cingwe, ndipo nyumba yonse imatsata zikhomozo. Zikhomo za telesikopu ndi nyenyezi zowala. Njira yosabvuta pa NexStar ndi SkyAlign, imene imafuna zinthu zitatu zowala kwambiri, ngakhale simudziwa maina ake. Mwezi ndi mapulaneti owala, monga Jupiter kapena Nthanda, zimaloledwa. Kompyuta imayesa mitunda ya pakati pa zitatuzo, n'kufufuza pa mapu ake mpaka itapeza zofanana nazo.

Sankhani zitatu zotalikirana kwambiri, zosakhala pa mzere umodzi, zoima ngati mafuwa. Pewani za pamutu peni-peni ndiponso zotsika kwambiri. Nkhonya yanu, mkono utatambasuka, imaphimba madigiri pafupi-fupi 10, tsono tengani nyenyezi zimene zakwera pakati pa nkhonya ziwiri ndi nkhonya zisanu ndi ziwiri. Kumayambiriro kwa July, ca m'ma 19:30, Arcturus imakhala kumpoto, yofiirira ngati lalanje. Alpha Centauri imakhala kumwera, ndiyo yowala kwambiri mwa ziwiri zija zoloza Mtanda. Antares, yofiira, imakhala pamwamba cakum'mawa. M'nyengo ya mvula, mitambo ikapatuka, muli ndi Sirius, yowala kuposa nyenyezi zonse za usiku, Canopus imene ili yaciwiri, ndi Aldebaran imene ili pakati pa Akamwiniatsatana ndi Nsangwe.

Ndi mabatani a mibvi yendetsani chubu mpaka kadontho kofiira kagwere pa nyenyezi yoyamba, ndipo dinani ENTER. Makina amayamba kuyenda pang'ono-pang'ono. Yang'anani m'kagalasi, ikani nyenyeziyo pakati peni-peni, ndipo dinani ALIGN. Citani cimodzi-modzi pa yaciwiri ndi yacitatu. Kuti mudziwe pakati, pukusani kacitsulo koongolera kufikira nyenyezi itafufuma ngati mphete. Diso limaona msanga ngati mpheteyo yapendekera mbali imodzi.

Pali cinsinsi cina cimene ozolowera amacisunga. Mano a magiya sagwirana ndendende, amasiya kampata, monga ciongolero ca galimoto yakale cimene cimayamba cazungulira pang'ono mawiro asanamve. Cifukwa ca ici, mayendedwe otsiriza pa nyenyezi iriyonse akhale a mubvi wa m'mwamba ndi mubvi wa kumanja. Mukapitirira, bwererani m'mbuyo, mufikenso ndi mibvi yomweyo. Makina akamadzapita okha pa nyenyezi amatsirizira mbali zomwezo, ndiye kampata kaja sikawasokoneza.

Rimoti ikalemba kuti Align Success, nchito yatha. Kuyambira pamenepo musakankhe chubu ndi manja ndipo musapunthwe pa mwendo, pakuti kompyuta siimva kusuntha kumene sikunacokere ku mainjini ake. Ana amakonda kugwira chubu poyang'ana. Aphunzitseni kuika manja kumbuyo, ndipo wamfupi mpatseni mpando woti akwerepo. Ikalemba kuti Align Failed, musafulumire kuda makina. Yambani ndi deti, kenaka South ndi East, kenaka +2, kenaka levulo, ndipo potsiriza dzifunseni ngati imodzi mwa zitatu zija siinali nyenyezi yosawala kweni-kweni.

Za amene ali ndi mtundu wopendeka

Ulipo mtundu wina wochedwa equatorial, umene mutu wake umapendeka ndipo uli ndi citsulo colemera mbali inayo. Umenewu umafuna nchito imodzi yoonjezera. Msana wake uyenera kuloza pa msomali wa thambo, malo amene nyenyezi zonse zimaoneka ngati zikuwazungulira. Mabuku ambiri amati lozani pa Polaris, koma nyenyezi imeneyo siioneka m'Zambia, ili kunsi kwa malekezero a thambo cakumpoto. Msomali wathu uli kumwera, ndipo kukwera kwake n'kofanana ndi latitude ya malo: madigiri pafupi-fupi 9 ku Mbala, 15 ndi theka mu Lusaka, ndi pafupi-fupi 18 ku Livingstone.

Pa msomali wa kumwera palibe nyenyezi yowala. Imene ili pafupi, pa mtunda wa digiri imodzi, ndi Sigma Octantis, ya m'gulu limene Nicolas-Louis de Lacaille wa ku France analipatsa dzina atayesa nyenyezi za kumwera ali ku Cape Town m'zaka za 1751 ndi 1752. Ndi yofooka kotero kuti m'tauni siioneka ndi maso. Apa Mtanda wa Kumwera ndiwo umatithandiza. Tengani utali wa mtengo wake woimirira, kucokera kumutu kufika kuphazi, ndipo pitirizani mzerewo kupyola phazi nthawi zinai ndi theka. Pamenepo mwafika pafupi ndi msomali. Kampasi imathandiza poyamba, koma imaphonya ndi madigiri angapo, ndipo pafupi ndi zitsulo imanama. Onaninso kuti makina auzidwa kuti ali kumwera, pakuti pa msomali wathu nyenyezi zimazungulira monga mibvi ya wochi, pamene kumpoto zimazungulira mobwerera.

Mphotho ya kudekha

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Diso limafuna mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala kwa foni kumafafaniza zonsezo nthawi imodzi. Kulungani tochi ndi pepala lofiira. Usiku wabwino ndi wopanda mwezi, m'miyezi ya May, June ndi July, utsi wa moto wa m'chire ndi fumbi la August ndi September zisanadetse mpweya. Mame akagwa pa galasi musapukute ndi malaya, kuopa kulikala. Cikatoni cokulungidwa kutsogolo kwa chubu cimachinga mame kwa nthawi ndithu.

Yesani makina anu pa nyenyezi yowala imene mukuidziwa. Akaipeza, pitani pa zobisika. Lembani NGC 4755, ndipo pambali pa Mtanda mudzaona kagulu ka nyenyezi zoyera ndi zobiriwira kokhala ndi imodzi yofiira pakati, ngati mikanda yotayika pa nsalu yakuda. Lembani NGC 5139, ndiyo Omega Centauri, mpira wa nyenyezi mamiliyoni angapo umene kuwala kwake kwayenda zaka pafupi-fupi 17,000 kuti kufike m'diso lanu. Anthu a ku England sauona konse mpira umenewu, pamene kwa ife umakwera pamwamba. Jupiter, pa nyengo yake, idzakusonyezani miyezi inai ija ya Galileo, ndipo Saturn idzakusonyezani mphete zake. M'caka ca 2025 mphetezo zinaoneka copingasa ngati kamzere, ndipo zidzanka zitseguka caka ndi caka mpaka ca m'ma 2032.

Tiyeneranso kuwauza ana zoona. Zithunzi za mitundu-mitundu za m'mabuku zimajambulidwa ndi makina aakulu monga Hubble, amene anaponyedwa kumwamba mu 1990, ndipo zimasonkhanitsa kuwala kwa maola ambiri. M'kagalasi kathu zinthu zakutali zimaoneka zotuwa, ngati kautsi. Mwana wouzidwa izi pasadakhale sakhumudwa, ndipo amanyadira kuti waona cinthu ceni-ceni ndi diso lake.

Masiku ano kuli zipangizo zimene zimapeputsa nchitoyi. StarSense ya Celestron ili ndi kamera imene imajambula thambo n'kuzindikira nyenyezi yokha, ndipo Seestar S50, imene inaturuka mu 2023, imayendetsedwa ndi foni. Izi nazo zimafunabe malo oona, nthawi yoona ndi miyendo yoima bwino. Kusiyana kwake n'kwakuti zina mwa izi zimazitenga ku foni m'malo mofunsa munthu.

Tsono ngati pa sukulu panu kapena panyumba panu pali telesikopu yogona m'bokosi, iturutseni Loweruka likudzali dzuwa lisanalowe. Usiku woyamba musaitane khamu. Khalani awiri, wina agwire rimoti, wina awerenge manambala mokweza, pakuti mutu umodzi susenza denga. Lembani latitude, longitude ndi +2 pa kapepala, mukamate pa mwendo wa telesikopu kuti wobwera pambuyo panu asadzabvutike. Usiku woyamba nchitoyi ingakutengereni ola lathunthu. Pofika usiku wacitatu idzakhala ya mphindi khumi, ndipo pamenepo itanani anansi ndi ana ao.